Zenera la Panjira ya ku Chikale

A Keziah Manda, omwe msika wonse wa Nkhata Bay umawatcha NyaManda, sangadutse osaima akaona mzere wa anthu. Matenda awo ndi amenewo. Akangoona anthu atatu atandondozana, mapazi amawayabwa, usipa amausiya pathebulo kuti ntchentche ziulondere.

Musawaseke. Chimwalirireni mwana wawo Bridget, mayiwa akulera okha zidzukulu zitatu, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi akhala akusaka chinthu chimodzi: dzina lawo lilowe m'kaundula wa olandira thandizo. Mabenchi a m'maofesi amawadziwa onse, ili la msomali, ilo logwedera. Yankho silisintha: bwana atuluka, mubwere mawa.

Lachiwiri lina anamva kuti panjira ya ku Chikale patsegulidwa zenera latsopano. Liwiro lake! Anapezadi khoma la matabwa, kazenera kotseka, benchi, ndi makadi akale akulendewera pa ulusi wa ukonde. Anthu anali atadzaza kale, aliyense chiphaso m'manja. Za kuti akulemba ndani palibe amene anafunsa. Ukanyamuka kukafunsa, malo ako apita.

Anadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo, kudzuka, kukhala, kusuzumira, mtima uli ku usipa.

Kenako kunabwera Weston, mwana wa aphunzitsi a Chirwa, mnyamata amene anakaphunzira zaluso kunja, thukuta lili kamukamu.

"Pepani nonse, iyi si ofesi," anatero Weston. "Ndi chionetsero. Ndachimanga ndine kuti anthu aone mmene timadikirira. Kuseriku kulibe munthu."

Anthu anabalalika akumulalatira m'Chitonga. NyaManda sanakhulupirire. Anazungulira khoma lija kukadzionera okha, ndipo anapeza udzu ndi nkhuku ikupalasa. Zinawawawa zedi. Tsiku lapita, usipa sunagulidwe, dzina silinalembedwe.

"Ndiye ndibwere mawa?" anafunsa, poti pakamwa panazolowera.

"Ayi, amama. Ngakhale mawa simudzapeza munthu."

Anamuyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge.

"Ada, zaka zisanu ndi chimodzi ndikutha mapazi! Zenera loyamba kundiuza zoona ndi lamatabwa lakoli."

Anamangirira chiphaso pansonga ya chitenje n'kuuyamba wa kumsika, maso ali uku ndi uku, mwina pena pali mzere.