Dzanja m'chikwama, minibasi ya ku Bangwe

Kodi anaika ndani lamulo loti ukaona wakuba akupisa m'chikwama cha munthu m'minibasi, uziyang'ana kuwindo? Tonse timalitsata, ati kuopa mpeni. Inu achimwene Chifundo munkalikana. Tsiku lija tikuchokera ku Limbe, mkulu wina analowetsa dzanja m'chikwama cha mayi wonyamula mwana. Simunamuloze. Munangoyamba kulakatula mokweza: "Bangwe wanga, manja ako ndi oumba njerwa, wakuphunzitsa kupisa ndani? Kapena ndi mabwana aja, oba atavala tayi?" Kondakitala anati, "Akulu, mwasuta chani?" Anthu anaseka, koma dzanja lija linatuluka lopanda kanthu. Ine ndinakunong'onezani kuti ndakatulo zanuzi zidzakuphetsani. Inu munati, "Nanga iwe ndi digiri yakoyo, udzasintha dziko uli duu?"

Lero chatha chaka chikuikireni m'manda, ndipo amene anakubayani panjira yakumsika sanapezekebe. Mawu ndinakunong'onezani aja amandisowetsa tulo. M'mawa uno, ndili m'minibasi kupita kosaka ntchito, ndinaona dzanja lina likutsegula zipi ya chikwama cha mayi wina wachikulire. Khosi langa linatembenukira lokha kuwindo, ndipo pagalasipo ndinaona ngati nkhope yanu kumbuyo kwanga, mukungondiyang'ana osaphethira. Ine si mlakatuli, achimwene. Komabe ndinamugwira mkono munthuyo n'kukuwa kuti, "Adalaivala, musaime paliponse, tiyeni naye kupolisi!"