Khadi la Bambo Anga Linatenga Milungu Itatu

Achikulire oyandikana nafe nyumba kuno ku Toledo amadziwa zaka za makhadi akale a zithunzi za osewera mpira wa bezibo. Khadi amayamba alinunkhiza, kenako amaliika pansi pa galasi lokulitsa zinthu n'kumayang'ana timadontho ta utoto. Likakhala lenileni amangoti, "Eya, ili laona zambiri." Chimwalirireni akazi awo, amadya ataimirira kukhitchini, wailesi ikulankhula yokha.

Chaka chatha ndinawapititsira khadi lomwe malemu bambo anga ankalisunga ngati chuma, kuti aone ngati ndi lenileni. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndibwerenso Lachiwiri. Nditapita ndinapeza khofi ndi madonasi patebulo, koma yankho panalibe. Mlungu wotsatira zinali chimodzimodzi.

Ulendo wachitatu ndinatopa nazo. "Achikulire, ndiuzeni zoona. Ndi lenileni kapena ayi?"

"N'labodza, mwana wanga. Pepala lake ndi laposachedwa. Ndinaona tsiku loyamba lomwe lija."

"Nanga osanena bwanji?"

Anapukuta galasi lawo osandiyang'ana. "Ndikananena, mukanabweranso?"

Ndinalonjeza kuti ndizibwera Lachiwiri lililonse. Mpaka lero ndapitako kawiri kokha.