Mwana amene ndinamuyamwitsa m'wodi

Mwana wanga woyamba anabadwa pa opaleshoni. Matenda anandiyamba kwathu ku Lungwena ndikusenda chinangwa pakhonde. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza, nandidikira, kenaka anati mwana wapingasa ndipo iwo sangathe kundithandiza. Ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu, ine ndi mayi anga, amene anadzakhala ondidikirira. Za m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndimakumbukira zochepa: kuzizira, jakisoni wa pamsana, ndi mawu a munthu wina akunena kuti ndi wamkazi.

Nditabwerera bwino m'maganizo ndinapezeka ndili m'wodi yodzaza. Mabedi anali a ife ong'ambidwa. Amene anachira bwinobwino ankagona pansi, ena pamatilesi, ena pazitenje zawo basi. Anamwino anali ochepa kwambiri, moti ukawaitana ankangoyankha kuti akubwera, uku akuthamangira kwina. Kutitembenuza, kutisambitsa ndi kutaya mabeseni inali ntchito ya otidikirira. Madzi akasiya m'mipope, mayi anga ankapita ndi chidebe kukatunga kunja kwa mpanda.

Pabedi loyandikana ndi langa panagona mayi wa ku Chiponde, wamng'ono kwa ine, woonda, wa mano oyera kwambiri. Anamuchita opaleshoni tsiku limodzi ndi ine, iye n'kubereka mwana wamwamuna watsitsi lambiri. Ankagulitsa tomato pachipata cholowera ku Mozambique. Mwamuna wake anali tsidya linalo ndipo foni yake sinkapezeka. Omudikirira anali apongozi ake, nkhalamba yosamvetsetsa, yolankhula Chiyao chokhachokha, imene inkaopa yunifolomu ya anamwino ngati ya apolisi. Ine ndi mayiyo tinkangoitanana kuti achemwali. Sindinamufunse dzina, iyenso sanafunse langa.

Poyamba iye ndiye anali wolimba. Ankandiseketsa, kunena kuti atisoka ngati matumba a makala, ine n'kumamupempha kuti asiye chifukwa kuseka kunkakoka ulusi. Anamwino atatiuza kuti tidzuke tiziyenda, tinagwirana manja kupita kuchimbudzi, tonse titapindika ngati agogo. Pobwerera anaima pakhoma nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Anati palibe kanthu, ndi chizungulire chabe.

Kutacha anadzuka thupi likutentha. Mimba yake inatupa n'kuuma, ndipo thonje la pachilonda linanyowa ndi madzi achikasu. Kunali kumapeto kwa sabata, adokotala sanazungulire m'wodi. Ine ndinayamba kumva fungo lochokera kubedi lake, fungo limene sindinalimvepo kale, ndipo ndinachita manyazi kulitchula. Iye anatembenuzira nkhope kwa ine nati, "Achemwali, m'mimba mwangamu muli moto."

Mayi anga anaona kuti apongoziwo sapita kukanena, choncho anapita okha. Namwino anabwera, anamugwira pachipumi, namupatsa panado. Anati aliyense m'wodimo akumva kuwawa, opaleshoni si masewera, ndipo adokotala adzamuona Lolemba. Thonje latsopano anati latha. Sanakalipe. Maso ake anali ofiira ndi kutopa, ndipo asanamalize kulankhula anamuitana kumapeto kwa wodi kumene mayi wina ankataya magazi. Mayi anga anapitanso masana, napitanso madzulo, mpaka namwino wina anawauza kuti asamale za wodwala wawo.

Mkaka wa mnzangayo sunatuluke. Mwana ankalira, n'kugona, n'kuliranso, kulira kwake kukucheperachepera. Agogo ake anasungunula shuga m'kapu kuti azimudonthezera ndi chala. Ine mawere anga anali atadzaza mpaka kuwawa, mwana wanga akulephera kumaliza. Dzuwa litapendeka, nthawi imene otidikirira ambiri anali kokaphika, mayiyo anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anayang'ana mwana wake.

"Mundithandizeko," anatero. "Ndikachira ndidzayamwitsa ndekha."

Tonse tinkadziwa kuti kuchipatala amaletsa zimenezi chifukwa cha matenda. Koma kusikelo anali atandiyeza magazi n'kupezeka kuti ali bwino, ndipo ndinamuuza zimenezo. Mayi anga ananyamula mwanayo mwakachetechete, namuika pachifuwa panga, natiphimba ndi chitenje. Anagwira bere mwamphamvu kuposa wanga. Ndinkamva kumeza kwake pansi pa nsaluyo, kadzanja kake kakukanda nthiti zanga. Mayi ake anatseka maso, ndipo ndinaganiza kuti agona, koma anati, osatsegula maso, tsopano ana athuwa ndi munthu ndi mlongo wake.

Kuyambira pamenepo mwanayo ankakhala kwambiri pabedi langa. Namwino mmodzi anaona, anaima pang'ono, n'kupitirira.

Lolemba adokotala anabwera ndi gulu lawo. Atafika pabedi la mnzangayo n'kuchotsa thonje, nkhope yawo inasintha. Analankhula Chingerezi mofulumira, mawu akukwera, ndipo anthu amene masiku onsewo tinkawasowa anatulukira mbali zonse. Anamuika diripi, anamubaya majakisoni, anabweretsa machira a matayala. Anati abwerera naye kufiyeta. Pomukweza sanabuule n'komwe. Milomo yake inali itauma n'kusweka. Podutsa pabedi langa anatambasula dzanja, koma silinafike pamwana. Apongozi ake anatsatira m'mbuyo atanyamula mpango wake umene unagwa pansi.

Ndinadikira ndi ana awiri, wina kubere ili, wina kubere ilo. Mayi anga anabweretsa phala, linazizira ndisanalimwe. Masana dzuwa lili paliwombo tinamva kulira kwa nkhalamba ija kukhonde. Palibe amene anabwera kudzatiuza kanthu. Mayi anga ananong'ona duwa, pemphero lathu lachisilamu, natenga mwana wanga kuti ndigwire bwino winayo.

Achibale ake anafika ndi galimoto, ali pachangu kuti akaike maliro msanga monga mwa chipembedzo chathu. Analowa m'wodi mayi wina wamtali amene sindinamuonepo, anasonkhanitsa beseni, zitenje ndi kapu, kenaka anafunsa kuti mwana ali kuti. Anali m'manja mwanga, ali m'tulo, mkaka uli pakamwa. Mayiyo anamunyamula, nathokoza mwaulemu ngati mmene umathokozera munthu amene wakusungira katundu pasiteji. Sankadziwa kuti ndinkamuyamwitsa. Ndinafuna kumuuza kuti mwanayo amakonda bere lakumanzere, ndinafuna kufunsa mudzi wawo, koma ndinachedwa. Pamene ndinkati ndilankhule, iye anali atatuluka kale, ndipo ine sindikanatha kuthamanga.

Bedi lija analipukuta ndi mankhwala, ndipo dzuwa lisanalowe anagonekapo mayi wina wochokera kufiyeta. Atatsitsimuka anandimwetulira nandifunsa ngati pano amasamala bwino. Mayi anga anandichenjeza ndi maso. Ndinayankha kuti amayesetsa, koma akamva kutentha thupi asakhale chete, akuwe mpaka adokotala abwere.

Anatitulutsa patapita masiku ochepa. Kunyumba chilonda changa chinatulukako mafinya mbali imodzi, ndipo mantha amene ndinali nawo sindingathe kuwafotokoza. Ndinkadzinunkhiza ndekha kuseri kwa nyumba, kufunafuna fungo lija. Mwamuna wanga anasiya kupita kunyanja, n'kumandikweza panjinga kupita nane kokatsukitsa, mpaka chinapola. Mkaka unapitiriza kutuluka wa ana awiri. Ndinkaufinyira pansi kuseri kwa bafa, nyerere n'kumadzazana pamenepo.

Mwana wanga atayamba kuyenda, ndinafotokozera ashehe a kumzikiti kwathu nkhani yonse. Anandifunsa ngati mwanayo ankayamwa mpaka kukhuta, ndinati inde, kambirimbiri. Anati basi ndi mwana wanga wa bere, ndipo iye ndi mwana wanga wamkazi sangakwatirane. Anandilangiza kuti ndiwafunefune achibale ake, adziwe.

Ndinapita ku Chiponde chilimwe chotsatira. Ndinayenda mumsika, mzere wa tomato wonse, kufunsa za mayi woonda amene anamwalira kuchipatala atabereka pa opaleshoni, n'kusiya mwana wamwamuna. Amayi ogulitsawo anandimvetsera mwachifundo. Wina anatchula mudzi wina, mnzake anatsutsa kuti ameneyo anasiya wamkazi. Wina anakumbukira wa tsidya la Mozambique, koma uyo anamwalira panjira asanafike n'kuchipatala komwe. Anayamba kuwerengana okhaokha, uyu wa chaka chatha, uyu wa nthawi ya mvula, uyu mwana anatsatira mayi ake pasanathe mwezi. Ndinaima pakati pawo ndikumva za amayi ambiri amene sindinabwere kudzawafuna, ndipo panalibe amene akanandiuza motsimikiza kuti wanga ndi uti.

Mayi wina wachikulire anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anandifunsa dzina la malemuyo, ndinati sindilidziwa. Anafunsa la mwamuna wake, la mudzi, la mwana. Ndinangopukusa mutu. Kenaka anandisankhira tomato wabwino, namanga m'pepala, nandiperekeza mpaka pamene pamaima njinga zamoto. Anamuuza woyendetsayo kuti ayende nane pang'onopang'ono m'mabampu.