Bambo osinja nsinjiro ku Buchi

Aneba anga amayendetsa galimoto ya pansi pamgodi, akazi awo ndi anamwino. Pa sabata amadyera pamodzi kawiri kokha. Bambowa amagula tomato anayi patebulo langa m'mawa uliwonse, n'kukakhala pakhonde kusinja nsinjiro, nyemba zikuwira pambaula. Amakonda kunena kuti, "Ine ndimayamba mphika, amayi amamaliza." Amanyamuka kupita kuntchito 13 hours, ndiye kuti 1 koloko masana, akazi awo amafika 14.

Mwezi watha achemwali aakulu a bambowa anabwera kuchokera ku Petauke, n'kuwapeza musi uli m'manja.

"Iwe, msewu wonse ukukuona! Mlamu akukusandutsa wantchito? Ndikanena kumudzi."

Kumudzi mawu a achemwaliwo satsutsidwa, ndipo mbiri ya anamwino ikanaipa. Bambowa sanakangane nawo. Anangowapatsa musi.

"Ba sisi, mwandichotsa pa shifiti, ndiye lowani ndinu. Nyemba zipse 14 isanakwane."

Achemwali anaphika masiku asanu ndi anayi, mlamu wawo akubwera maso ali ofiira ndi tulo. Tsiku lobwerera anaima patebulo langa.

"Mwanawe, m'patse tomato mchimwene wangayo. Koma umuuze azisinjira kuseri kwa nyumba."