Thaulo la Alamu

Alamu anga, amuna a chemwali, ndi owotcherera zitsulo, koma paunyamata ankamenya nkhonya. Kubwerera m'mbuyo sankakudziwa, n'chifukwa chake mphuno yawo inapindika ngati chogwirira cha ketulo.

Mwana wawo woyamba anatengera bambo ake. Tsiku la mpikisano waukulu, alamu anaima pakona ngati mphunzitsi wake. Mnyamatayo ankatsogola ndithu, koma diso lake lamanzere linatupa mpaka kutsekeka. Holo yonse inkakuwa kuti, "Mumalize ameneyo!" Alamu anangochotsa thaulo paphewa n'kuliponya m'bwalo, kusonyeza kuti mwana wawo wasiya.

"Adadi, mwandichotseranji?" analira mnyamatayo.

"Chikho ndikuwotcherera mawa," anatero alamu. "Diso sindingathe."

Anthu anawapatsa dzina loti a Mantha, ndipo mwanayo anakhala nthawi osawalankhula. Lero amayendetsa basi, maso onse awiri ali pamsewu, ndipo akamadutsa pashopu ya bambo ake amaliza hutala mpaka agalu kuthawa.

Thaulo lija likadali pamsomali m'shopumo. Ndikafuna kupukutira manja, alamu amandikuwira: "Alamu, chisiyeni chikho changacho!"