Tsiku Limene Mista Anandibwereketsa

Nkhondo itatithamangitsa kumudzi, ine ndi amayi tinakakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amalume ku Namacula. Anyamata a kumeneko sankanditchula dzina. Ndinali dezilokado basi, wothawa nkhondo, ndipo ankati ndimanunkha utsi. Nkhuku yachilendo ikalowa m'khola, ngakhale anapiye amaijompha. Chimene ndinkafuna pa dziko lonse chinali choti anyamata amenewo andiyese mnzawo.

Wophunzitsa mpira anali kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi, bambo woonda wa jekete limodzi chaka chonse. Tonse tinkangoti Mista. Sankakalipa. Ukatukwana mnzako ankakukhazika pansi pa mtengo wa paini mpaka masewero atatha, kaya ndiwe katswiri wotani. Iyeyo ndiye anaona kuti miyendo yanga yoondayo ili ndi liwiro, n'kunena kuti Loweruka ndidzasewera ndithu.

Loweruka lake kunazizira monga kumachitira mu Juni, mpaka zala kukana kupinda. Anyamata a ku Chimbonila anabwera atakhala pamwamba pa matumba a mbatatesi, pa ngolo ya thirakitala imene inkatsatira lole ya asilikali. Atatsika tinawawerenga, anali khumi. Mista anafunsa za winayo, mphunzitsi wawo anayankha motsitsa mawu, ndipo palibe anafunsanso.

Ife tinasangalala kuti alendo ndi operewera. Koma Mista anandikodola.

"Vula malaya. Lero usewera ndi alendo."

Majezi tinalibe, choncho mbali imodzi inkasewera yosavala malaya. Ndinavula misozi ili m'maso. Tsiku langa loyamba, ndipo ndabwereketsedwa ngati khasu. Anzanga anaseka, wina n'kunena kuti madezilokado apezana okhaokha.

Mpira unali wa mtima bii, chigoli chimodzi kwa chimodzi. Chakumapeto kamnyamata kena kafupi ka ku Chimbonila, ka chipsera pachipumi, kanadutsa anthu awiri n'kundipatsa mpira pamwendo penipeni. Ndinatsala ndekha ndi goloboyi wathu, yemwe anali mtsogoleri wa onse ondinyoza. Golo linali pululu. Ndinamuyang'ana iye, iye n'kundiyang'ana ine, kenako ndinaumenyera m'munda wa chimanga. Sindinaphonye, ndinachita dala.

Wenzulo italira, goloboyi uja anandikoleka dzanja m'khosi n'kunditchula dzina langa koyamba. Ndinamva kukoma, sindinama.

Mista anali ndi mwambo woti masewero akatha tindandalike n'kugwirana chanza ndi alendo mmodzimmodzi. Kamnyamata ka chipsera kaja kanagwira dzanja langa ndi manja onse awiri.

"Usadandaule, m'bale wanga, mpira ndi choncho. Tikadzabweranso udzagoletsa."

Kanapisa m'thumba la kabudula n'kundipatsa mbatatesi yophika, kamba wake wa panjira.

Thirakitala itanyamuka, Mista anandipeza ndikuvala malaya. Ankakulunga chingwe cha wenzulo pa chala, osandiyang'ana. Anati ana aja adutsa msewu umene akuluakulu akuuopa kuti angodzasewera mpira, ndipo iye anawapatsa munthu amene ankamukhulupirira. Anathera pomwepo. Ndinkalakalaka akanandikhazika pansi pa paini mwezi wathunthu, koma sanandilange.

M'timu ndinakhalamo zaka zitatu. Anzanga ankandiitana pa mpanda, tinkadyera limodzi nzimbe, koma pakati pawo ndinkasungulumwa kuposa kale, chifukwa ndinkadziwa chimene ndinagulira malo angawo. Msewu wa ku Chimbonila unaipiratu chaka chomwecho ndipo anyamata aja sanabwerenso. Nkhondo itatha ndinapitako kangapo, ndikuyang'ana pachipumi pa mwamuna aliyense wamfupi. Ndikanafunsa ndani, poti ngakhale dzina lake sindinalifunse?

Mbatatesi ija inandikanika kudya. Ndinakapatsa amayi, amene ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anandifunsa kumene ndaitenga, ndipo ndinati alendo andipatsa chifukwa ndawasewerera bwino. Anaigawa pakati, n'kundibwezera theka lalikululo.