Dzanja la atate pa chinsalu

Atate tinawaika m'manda mwezi wa Malichi, nyengo ya dowe, ndipo mwezi wa Seputembala chaka chomwecho ndinawaonanso akuyenda ndi miyendo yawo. Sindikunena za maloto, ndiponso ine za mizukwa sindigwirizana nazo. Ndinawaona pa chinsalu cha bayisikopo, pabwalo la sukulu ya kwathu kufupi ndi Chalimbana, mudzi wonse ukuonerera. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kufikira tsiku limenelo ndinkayesa kuti padziko palibe chokoma choposa bayisikopo.

Masiku amenewo, m'zaka za m'ma 1950, bayisikopo inkatipeza kumudzi pa galimoto, kamodzi kapena kawiri pachaka. Ankazika mitengo iwiri, kumangapo chinsalu choyera, kuliza injini, ndipo dzuwa likangolowa anthu ankayamba kuyenda pa chinsalupo. Zithunzi zambiri zinalibe mawu. Panali bambo wina woima pambali ndi chokuzira mawu, amene ankatiuza m'chinenero chathu zimene zikuchitika, nthawi zina n'kumathirako nthabwala zakezake. Galimoto ikapita, ine ndinkatha milungu ndikufotokozera anzanga kumtsinje zimene tinaonera limodzi, ndikuwonjezerapo zanga. Munthu amene anagwa pa njinga kamodzi, pakamwa panga ankagwa katatu.

Amayi zimenezi ankadana nazo. Ankati ndi ulesi wovala bwino.

"Zithunzi sizilowa m'nkhokwe," ankatero. "Iwe uthawa nchito chabe. Madzi uyenda kukatunga m'mamawa, ubwera zuba ili pamutu, chifukwa cha kamwa yako."

Atate ndiwo ankanditchinjiriza. "Mulekeni mwana, amake. Ali na mutu wosunga nkhani."

Atate anachokera kum'mawa ine ndisanabadwe, ndipo eni nthaka, Asoli, anawapatsa malo otsetsereka pamwamba pa mtsinje wa Chongwe, malo amene ena anali atawakana. Iwo anaika mizere yopingasa kuti madzi asakokolole nthaka, n'kumatuta manyowa kukhola ndi dengu, mpaka munda uja unasanduka wa anthu odutsa kuima n'kumauloza. Anali mkulu wa mpingo, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Kukhala manja lende sankatha. Ngakhale pocheza ndi alendo, ankakhala akupota chingwe kapena kusema mpini.

Chaka chimodzi asanamwalire, mwezi wa Febuluwale, kunabwera azungu awiri ndi makina ojambulira a miyendo itatu. Anati akufuna kupanga bayisikopo yophunzitsa ulimi, yoonetsa alimi awiri, wanzeru ndi wopusa, ndipo anasankha munda wathu. Ine ndinali kusukulu, choncho nkhaniyi ndinaimva madzulo atate akuifotokoza pakhonde, akuseka mpaka kutsokomola.

"Anakujambulani m'munda?" anafunsa amayi.

"Iyayi. M'munda anaimikamo uja woyendetsa galimoto yawo, chifukwa anali na kabudula woyera. Khasu anagwira monga agwira njoka. Ine anati nkhope yanga iseketsa. Ananiveka jekete yong'ambika, ananigoneka pansi pa mtengo ku tsala kuja, ananipasa na chipanda."

"Chipanda? Imwe?"

"Munali madzi, amake. Ni masewera chabe. Pano aliyense aniziba."

Kulakwa kwa atate kunali pomwepo, ndipo ife tonse tinalakwa nawo limodzi poseka. Iwo ankayesa kuti ndi zofanana ndi sewero la Khirisimasi kutchalitchi, kumene chaka ndi chaka ankakhala mfumu yoipa, anthu n'kuwaowoza, m'mawa mwake n'kuwapatsanso moni ndi manja awiri. Sitinaganize kuti chithunzi chimayenda chokha, kusiya mwini wake kumbuyo. Miyezi inadutsa, azungu aja sanabwerenso, nkhani ija tinaiiwala. Kenaka chinabwera chibayo, ndipo chinawatenga atate m'masiku asanu ndi limodzi.

Galimoto ya bayisikopo itafika mu Seputembala, amayi anali akadali mu zakuda, osapita kulikonse kupatula kumunda ndi kutchalitchi. Anandiletsa. Anati mwana amene atate ake sanathe chaka m'manda sakakhala pa gulu n'kumaseka. Ndinayankha mwamwano, ndikuvomera, kuti kulira kwanditopetsa ndipo ndikufuna kuona nkhope za anthu osalira. Zinali zoona. M'nyumba mwathu munali mutazizira, ndipo ndinkafuna kuthawamo ngakhale kwa ola limodzi. Ndinatuluka osatsanzika.

Anayamba ndi zithunzi za sitima ndi za anthu othamanga, ndipo ndinaseka koyamba chichokereni maliro. Kenaka bambo wa chokuzira mawu anati tsopano tiona alimi awiri. Pa chinsalu panabwera munda wa chimanga chobiriwira, ngakhale zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera chabe, ndipo ndinazindikira chulu, ndinazindikira mkuyu wa kumalire. Unali munda wathu. Pakati pake panaima mlendo wa kabudula woyera, akusisita masamba a chimanga chimene sanabzale, bambo uja akumutamanda kuti uyu ndiye mlimi womvera malangizo. Apa m'pamene ndinakumbukira nkhani ya pakhonde.

Atate anatulukira kumanzere kwa chinsalu. Anayenda kayendedwe kawo komweko, kotsimphina pang'ono mwendo wamanja, atavala jekete yong'ambika, chipanda kumanja. Anayang'ana kwa ife, n'kumwetulira.

Mayi wina kumbuyo kwanga anakuwa, "Mayo ine!" Amayi angapo anadzuka n'kuthawa, ana kumsana, mmodzi mpaka kugwera pa benchi. Amuna amene ananyamula bokosi la atate anakhala kukamwa yasa. Ndinkadziwa kuti ndi chithunzi, ndinkadziwa bwinobwino, komabe pakamwa panga panatuluka mawu akuti "Atate," mokweza, ngati angatembenuke.

Bambo wa chokuzira mawu sankadziwa kanthu. Anayesa kuti anthu akusangalala, ndiye anawonjezera moto.

"Muoneni uyu! Mulesi wa balesi! Anzake ali m'munda, yeve agona na chipanda chake. Bana bake azadya chani? Azadya tulo!"

Ana aang'ono anaseka, chifukwa atate anayasamula mochititsa kaso, monga anawauzira azungu aja. Anyamata ogwira ntchito m'mafamu a azungu, amene sankatidziwa, anaseka chikhakhali. Anaonetsa tsala lodzaza udzu n'kunena kuti ndiwo munda wa atate. Anaonetsa nkhokwe ya munthu wina yogumuka n'kunena kuti ndi yawo. Munthu amene sanalawepo mowa anapendeketsa chipanda cha madzi, dziko lonse likuuzidwa kuti ndi chidakwa.

Zitatha, mkulu wina wa mpingo wathu anapita kwa bambo uja n'kumuuza kuti amene wamutukwanayo tinamuika m'manda mwezi wa Malichi, ndipo mwana wake ndi uyo wakhala apoyo. Bamboyo anavula chipewa, nkhope inagwa. Anapepesa ndithu. Koma anati iye amangonena zimene anamulembera, ndipo bayisikopoyo yazungulira kale midzi yambiri ndipo ipitirira mpaka kumene iye sanafikeko. Mawu amenewa anandipweteka koposa kuseka kuja. Kwathu anthu ankadziwa kuti ndi bodza. Nanga kwina konseko, kumene atate sanapondeko, ndani akanawauza? Munthu analima moyo wake wonse, ndipo chokhacho chotsala cha iye choyenda ndi kupuma chinali chakuti ndi mlesi.

Ndinafika kunyumba nditakwiya kwambiri. Ndinawauza amayi zonse, za chipanda, za tsala, za kuseka, ndipo ndinalumbira kuti sindidzapondanso pa bayisikopo. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuza. Sanatero. Anangofunsa motsitsa mawu.

"Wati anayenda?"

"Anayenda, amayi."

"Na mwendo uja?"

"Na mwendo uja."

"Galimoto iyenda kuti mawa?"

Ndinawauza kuti ndamva kuti ikupita ku mudzi wina wa tsidya la mtsinje.

Tsiku lotsatira masana ndinabwera kuchokera kotunga madzi n'kupeza chitseko chotseka, khasu lili pakhonde, amayi palibe. Mayi woyandikana nafe anati wawaona akutsikira ku Chongwe, atavala duku lawo lakuda la kutchalitchi. Anandiyang'ana mwa mtundu wina, chifukwa wamasiye woti sanavule zakuda kupita ku zosangalatsa inali nkhani yoti akazi akaitafuna kumtondo mwezi wathunthu. Ndinawathamangira. Madzi anali ochepa nyengo imeneyo, ndinawoloka pamiyala, ndipo ndinawapeza kutsidya akuyenda mwandawala. Mumtima ndinati lero kuli ntchito, amayi akukang'amba chinsalu chija. Ndinakondwa. Ndinatola mwala wokwana m'manja n'kuubisa m'chitenje kuti ndikawathandize.

Tinafika dzuwa litapendeka, mitengo iwiri ija atazika kale. Amayi, amene moyo wawo wonse anali asanakhalepo pa bayisikopo, anapyola gulu lonse n'kukakhala kutsogolo kwenikweni, pakati pa ana. Anthu a kumeneko sankatidziwa. Bambo wa chokuzira mawu anandizindikira, anayang'ana zovala za amayi, n'kuyang'ana pansi.

Munda wathu utaonekera, ndinagwira mwala wanga. Amayi anamasula duku, analimanganso mothina litaphimba makutu, kenaka anatseka makutuwo ndi zala. Atate anatulukira. Bambo uja tsiku limenelo anayankhula mozizira, nthabwala zake anazisiya, koma anthu sanafune thandizo lake. Anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Ine misozi ya ukali inali itadzaza m'maso, moti sindinkaona bwino. Ndinayang'ana amayi kuti ndione ngati nthawi yakwana.

Nkhope yawo inandidabwitsa koposa zonse zimene ndinaona masiku awiriwo. Munalibe ukali. Ankayang'ana chinsalu mmene ankayang'anira njira ya kumunda atate akachedwa. Mwadzidzidzi anachotsa dzanja limodzi kukhutu n'kundigwira mkono mwamphamvu.

"Ona kwanja," anatero. "Osaona kumaso. Ona kwanja yawo."

Ndinapukuta misozi n'kuyang'ana. Atate anali atagona chammbali pansi pa mtengo, chipanda kumanja, maso otseka, mlesi weniweni. Koma dzanja lamanzere, limene linali pansi m'mphepete mwa chinsalu, silinagone nawo. Linkafufuza mu udzu. Linapeza kaufiti, kaudzu kaja kamene kamayamwa chimanga, linakazula, linakakutumula dothi, n'kukaponya kumbali. Linafufuzanso, linazula kena. Ndinawerenga katatu chithunzi chisanasinthe. Azungu aja sanazione, bambo wa chokuzira mawu sanazione, ngakhale ine wodzitcha katswiri wa bayisikopo dzulo lake sindinazione. Mwina atatewo sanadziwe kuti akuchita zimenezo. Anawauza kuti agone, ndipo anagona, koma ngakhale pa tsala la mwini dzanja lawo linkapalira.

"Ni beve," anatero amayi, misozi ikutsika koma akumwetulira. "Banganene vimene bafuna. Uja ni atate ako."

Mwala uja ndinausiya pansi pomwepo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale pa maliro.

Sindinakhululuke, ndisaname. Mpaka lero ndikakumbukira mlendo wa kabudula woyera akusisita chimanga chathu, mtima umandiwawa, ndipo ndikaona munthu akusekedwa pa kanema ndimayamba ndafunsa kuti kodi iyeyo anamuuza chiyani pomujambula. Koma lumbiro langa lija silinathe ngakhale tsiku limodzi. Amayi anaitsatanso galimoto ija tsiku lachitatu, ku mudzi wakutali kwambiri, ine pambuyo pawo, ndipo akazi a kwathu ananena zonse zimene ankafuna kunena. Ena anati akuthawa maliro. Ine ndinali nawo pafupi, ndipo sindinaone munthu wothawa. Tsiku lachinayi galimoto inalowera kumene miyendo sikanatha kufika, ndipo sitinaionenso bayisikopo imeneyo.

Patapita milungu iwiri, tinali m'munda tikusosa, kukonzekera mvula. Dzuwa litakwera tinakhala pansi pa mkuyu wa kumalire kuti tipume. Amayi anamwa madzi, anandipatsa chikho, kenaka anayang'ana ku tsala kuja.

"Iwe wosunga nkhani," anatero, osandiyang'ana. "Niuzeko futi. Yambira pamene anatulukira."

Ndinayamba. Ndinanena za mwendo, za jekete, za mmene anamwetulira, za dzanja. Ine amene ndinkagwetsa munthu pa njinga katatu, tsiku limenelo sindinawonjezepo kanthu ngakhale kamodzi. Nditafika pa kaufiti wachitatu ndinaima, chifukwa chithunzi chinathera pomwepo.

Amayi anadikira pang'ono, kenaka anati, "Pitiliza. Banyamuke manje, bayende ku munda kwawo."